Ndinathamangira chapa ya ku Zóbuè osasunga pulogalamu yakale

Anzanga omvera, ine ndinkasamalira kompyuta yaikulu pa mgodi wina wa malasha ku Moatize. Ndiyo inkasonyeza ngati m'dzenje mwatsala munthu asanaphulitse miyala. Lamulo lathu linali lakuti usanaike pulogalamu yatsopano, uyambe wasunga yakale, yatsopanoyo uiyesere pambali.

Lachisanu lina ndinangoika yatsopano, zonsezo osachita. Ndinkathamangira chapa, minibasi ya ku Zóbuè, ku ubatizo wa mwana wanga.

Tili m'njira foni inalira. Anali mayi amene ankaloleza kuti aphulitse.

"Achimwene, makina akuti m'dzenje mulibe munthu, koma ndaona ndi maso angawa madalaivala atatu akulowa. A shefi, akulu a mgodi, akuti ndiloleze."

Ndinayankha msanga: "Musaloleze, chonde! Ndalakwitsa ndine."

"Ndiye tibwezere yakale ija."

"Sindinasunge."

Anadula foni. Ndinatsika chapa pomwepo, osadziwa ngati a shefi amvere mayiwo kapena makina.

Mayiwo anakana kuloleza, nakawatulutsa okha madalaivala aja. Ntchito inandithera, ndipo sindidandaula. Mmodzi wa atatuwo timapemphera tchalitchi chimodzi. Akandipatsa moni, ndimayang'ana pansi.