Ndinabweza kwini pamaso pa apongozi

Aulutsi ndi omvela anzanga, ine ndine mphunzitsi ku Nyimba. Pa mpikisano wa tchesi ku Petauke, maele anandigwetsela munthu amene sindimuyang'ana m'maso: apongozi anga aamuna, mlimi wa thonje wa kwa Kalindawalo.

Ndinayamba monga ndimachitila ndi ana a sukulu: ndinasuntha kamsilikali ka patsogolo pa mfumu, kenako kwini (mfumukazi), kenako bishopu. Umenewu ndi msampha wopha mfumu pa kusuntha kwachinayi. Apongozi sanauone, anangotulutsa kavalo. Koma anthu otizungulila anauona. Kunatsala kusuntha kamodzi kokha.

Ndinatambasula dzanja kuti ndigwile kwini. Ndiwagwetse bambo a mkazi wanga pagulu, masewela atangoyamba kumene? Kunyumba ndikanena chiyani? Ndinabweza kwini m'mbuyo.

Apongozi anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anadya zida zanga chimodzichimodzi mpaka kundimaliza.

Panja, akumasula njinga yawo, ndinanjuta kuti nditsanzike.

"Apongozi," anatelo, "ine ndinalakwitsa, ndipo aliyense anaona. Mukanandipha, ndikanaseka. Koma inu mwandisandutsa nkhalamba yomvetsa chisoni."

Mpaka lelo ndikapita kwawo amandipatsa mpando, koma bolodi la tchesi samanditulutsila.