Kenelo Wadzuka, Mazira Akuzizira

Mayi a mapasa ankathira madzi otentha m'mabotolo mosafulumira, botolo lililonse n'kuliveka sokosi, n'kuligoneka pakati pa mazira. Amuna awo, amene anthu a mumsewu wawo amawatcha Injiniya chifukwa chokonda kumasula zinthu zosawonongeka, anali atagwada patsogolo pa makina ofungatira mazirawo. Mwezi wathawo anachotsamo kachipangizo kakale koyang'anira kutentha n'kuikamo kakompyuta kokwana m'dzanja, koyendera mapulogalamu amene anawasonkhanitsa okha. M'mawa umenewo magetsi anathima, ndipo atabweranso makinawo sanafundenso.

"Wadzuka!" anakuwa Injiniya, akuloza kasikirini. "Taonani mizere ikuthamangayo. Kenelo wanga ameneyo!"

"Mazira ayamba kufunda?"

"Ine ndikukamba za kenelo."

"Ine ndikukamba za mazira, bambo a mapasa. Atsala pang'ono kuswa."

"Mazira, mazira! Mukudziwa kenelo inu? Ndiye mtima wa kakompyutaka. Magetsi akangofika, woyamba kudzuka ndi iyeyo. Amaona kuti fani ili apa, chotenthetsera chili apo, waya aliyense kumudziwa dzina. Ndinamumanga ndekha ndi manja awa."

Mizere ija inaima. Mayi a mapasa anasuzumira, ketulo ili m'manja.

"Watopa?"

"Akuganiza."

"Koma apa alemba m'Chingerezi kuti wachita mantha. Akuti sakupeza ruti."

"Hee! Masiku ano aliyense wodziwa kuwerenga ndi katswiri."

"Ruti n'chiyani?"

"Chinthu chachabechabe. Nkhokwe ya mafayilo basi. Kenelo akatha kudzuka amatsegula mmenemo n'kutenga pulogalamu yoyamba, imeneyo n'kuitana inzake yoyatsa chotenthetsera. Zinthu zongotola pa intaneti. Sindinatayepo ngakhale dontho la thukuta."

"Nkhokweyo imakhala kuti?"

"M'kakhadi ka memore."

"Kakuda kaja?"

"Komweko."

"Kali m'foni mwanga."

Injiniya anatembenuka pang'onopang'ono, sikuludilaiva ili m'kamwa. Anailavula.

"Mwati chiyani?"

"Munandipatsa nokha. Tsiku lija kunabwera anzanu ndinati foni yanga yadzaza. Inu munati, 'Tengani kakhadi kaja, kenelo wanga sayendera ndodo.' Anzanuwo anakuwomberani m'manja. Ine ndakachotsa lero, ndimangodikira kuti magetsi athime, ndingagwidwe nawo."

"Kumene kuja kunali kucheza ndi alendo!"

"Ndiye munawanamiza?"

"Ine sindinama!"

"Ndiye kuti n'kachabechabe."

"Kwabasi."

"Mukukafuna?"

"Ine? Kufuna kakhadi? Aaa, musandiseketse."

"Chabwino," anatero mayiwo, n'kubwezera foni m'thumba la epuloni.

Injiniya anazula waya, anamuuzira, anamulumikizanso. Mizere inathamanga ngati poyamba, n'kuima pomwe paja.

"Ndi nyerere izi," anatero. "Zalowa m'kati."

"Alemba kuti nyerere?"

"Salemba zonse! Mwinanso ndi nthunzi ya mabotolo anuwa. Chipangizo chamakono kuchizinga ndi masokosi!"

"Ndichotse?"

"Chotsani!"

"Mazira afe?"

"Asiyeni!"

"Ndisiye mazira kapena mabotolo?"

"Mayi inu, mukundiumitsa mutu!"

Anazimitsanso, n'kuyatsanso. Ulendo uno anaika chala pa sikirini, akutsatira mzere uliwonse ngati munthu woperekeza mlendo wolemekezeka.

"Onani, wapeza fani. Onani, wapeza chotenthetsera. Alipo wina mumsewu uno amene angamange chinthu chodzuka mwaulemu chonchi?"

"Amadzuka bwino," anavomera mayiwo. "Akachipeza chotenthetseracho amachitani nacho?"

"Amachidziwa."

"Osachiyatsa?"

"Kuyatsa si ntchito yake! Bwana sayatsa mbaula."

"Amayatsa ndani?"

"Pulogalamu ya m'ka..." Injiniya anakhosomola. "Ndikhoza kumukonza kuti asafunenso chilichonse kunja. Ndimumangirira mafayilo ake pamsana, adzidzuka nawo ngati kamba ndi chigoba chake."

"Mutha liti?"

"Mawa madzulo."

"Ndiwauze anapiye adikire?"

"Nzeru sathamangira."

"Nanga mafayilo omumangirirawo muwatenga kuti?"

Injiniya anayang'ana kudenga. Anayang'ana pansi. Anakanda m'khosi.

"Tabweretsani kakhadiko."

"Mwayamba kukafuna?"

"Sindikukafuna! Ndikungofuna kukaona."

Mayiwo anatsegula foni ndi chikhadabo, anatulutsa kakhadi, anakanyamula m'mwamba pafupi ndi mphuno ya amuna awo.

"Mwakaona?"

"Patseni kuno!"

Anakalanda, anakalowetsa m'kakompyuta, anayatsa, n'kupinda manja pachifuwa. Mizere inathamanga, inathamanga, n'kuima pomwe paja.

"Wachitanso mantha," anawerenga mayiwo.

"Mwakatani kakhadi kanga?"

"Palibe. Nditakaika, foni inandifunsa ngati ifufute zonse kuti kagwire ntchito. Ndinadina inde."

"Inde? Mayo ine! Bwanji osandifunsa?"

"Munati makina akandifunsa kanthu ndizingodina inde, ndisamakusokonezeni mukamagwira ntchito ya anthu anzeru."

"Ndiye muli chiyani mmenemu?"

"Zithunzi za mapasa. Ndi nyimbo zingapo."

"Kenelo wanga akufuna pulogalamu yoyamba, inu mukumupatsa ana ovula malaya akudya mango!"

"Mungomuuza asankhe choyamba. Chija akumwetulira onse awiri n'chabwino."

Injiniya anakhala pansi, miyendo tambalale. Mayiwo anatenga dzira limodzi, analigunditsa patsaya, anakwinya nkhope, n'kusintha botolo lomwe linali litazirala.

"Chabwino," anatero Injiniya, mawu atatsika. "Tibwezeretse kachipangizo kakale kaja. Mongoyembekezera. Osati kuti n'kabwino."

"Munati ndi chidole cha ana."

"Ndiye?"

"Ndinawapatsa ana. Anakaphwanya ndi mwala, akuti akufuna aone m'kati ngati bambo awo."

"Kodi nyumba ino mulibe munthu wotha kumva mawu n'kuwasefa? Chilichonse chotuluka pakamwa panga mumangochinyamula chonchobe!"

"Munati mawu anu sasefedwa."

Apa Injiniya anadzambatuka, anayamba kuyendayenda m'balaza, akuponda mawaya ake omwe.

"Mukudziwa vuto la nyumba ino? Simudziwa chachikulu ndi chaching'ono. Kenelo wa nyumba ino ndine! Woyamba kudzuka ndine, wodziwa chilichonse ndine. Ena nonsenu ndinu mafayilo. Ongosungidwa! Popanda ine mungayake?"

Mayi a mapasa anabwezera foni m'thumba. Anapita kukhitchini, anabwera ndi dengu, anayalamo bulangete. Anayamba kusamutsa mazira limodzilimodzi, mabotolo ovala masokosi m'mbali.

"Mukupita nawo kuti?"

"Kwa achemwali anga. Ali ndi makina ogula kusitolo, a batani limodzi."

"Zidole!"

"Zidolezo zimaswa anapiye." Anaphimba dengu, analisenza, anaima pakhomo. Mawu awo sanakwere. "Mwanena zoona, bambo a mapasa, ndinu kenelo. Lero ndamuonetsetsa mnzanuyo ndipo ndamuzindikira. Mumadzuka m'mamawa ndi phokoso, mumayendera nyumba yonse kutchula zinthu maina. Ketulo ili apa, ayironi ili apo. Kenaka mumaima pakati pa balaza n'kukuwa kuti, 'Tiyi ali kuti? Malaya anga ali kuti?' Zaka zonsezi ndimayesa kuti ndi ukali. Kani ndi mantha."

"Mayi inu, samalani pakamwa!"

"Ana ndawatenga. Tikhala komweko mpaka anapiye ataswa."

"Pitani! Mukuyesa ndingasowe chiyani ine?" Injiniya anakuwa, akuwatsatira mpaka pakhonde opanda nsapato. Anayang'ana mapazi ake, anayang'ana dengu likutuluka pageti. "Imani kaye! Masokosi anga onse ali kuti?"

Mayi a mapasa sanacheuke.

"Ali pantchito, akufunditsa mazira. Inu zimitsani, muyatsenso, mwina muwapeza."