Bulekidauni Imodzi, Mauthenga Awiri

Zaka zija matipate atangoyamba, adzukulu anga, kunachitika nkhani imene agogo anu aamuna ndi a Jere amaifotokoza mosiyana mpaka lero. Agogo anu anali wapolisi woyang'anira wailesi ya ovaova pa Boma la Mzimba, ndipo a Jere ankayendetsa bulekidauni, galimoto yokoka zinzake, imene inalipo imodzi yokha.

Ine ndinali mphunzitsi, ndipo masana amenewo ndinawatengera agogo anuwo chakudya kuntchito mvula ikugwa. Wailesi inakhosomola, mawu n'kutuluka: "Yaing'ono, yamira, njira yamoyo, ova." Isanazizire inalankhulanso: "Yaikulu, yagona, njira yafa, kumbuyo wodwala, ova." Ndi koleji yanga yonse sindinatolepo kanthu, koma agogo anu anangoti, "Loja," kutanthauza kuti amva, nkhope itasintha.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Anandimasulira pambuyo pake kuti wopempha bulekidauni amatchula kukula kwa galimoto, kenako mmene yakhalira, kenako ngati ena angadutse. Uthenga woyamba unali wa galimoto ya bwana wina wamkulu, yotitimira m'matope kunjira ya ku Euthini. Wachiwiri unali wa lole ya fodya yogubuduzika pamlatho pafupi ndi Embangweni, mtsinje utadzaza, ndipo kuseri kwake kunali ngolo yonyamula mayi amene kubereka kunamuvuta. Inu lero mumatha mayunitsi mukupatsana moni, koma anthu aja ankanyamula mlatho, mtsinje ndi moyo wa munthu m'mpweya umodzi!

Agogo anu amati, "Mwambo wa wailesi ndiwo unaweruza. Njira yakufa imayamba."

A Jere, amene amawatchula agogo anu kuti asibweni, ndiye kuti malume, amaseka. "Bodza chomene, asibweni! Mwambo umanjenjemera pamaso pa bwana. Chinakugwirani n'chakuti wapolisi wa pamlatho uja, atanena kale ova, anawonjezera Chitumbuka chosaloledwa pawailesi: ndapota, zaninge luŵiro."

Ine ndinalipo, ndipo ndikuti onse akunena zoona. Mawu afupiafupi aja anawauza agogo anu chimene chachitika, koma pempho lija loti chonde bwerani msanga linawauza kuti mnzawo, munthu wosachita mantha wamba, waopa. Nanunso muzimvera zonse ziwiri, mawu ndi mtima wa wolankhula.

Masana omwewo wailesi inaliranso kuti bwana akufunsa dzina la amene akuchedwetsa bulekidauni. Agogo anu anatchula dzina lawo lonse pang'onopang'ono, ndipo anasuzumira pawindo n'kukuwa, "A Jere, lizani injini! Ku Embangweni."