A Msowoya Akwera Kudenga

Tsiku limene Mirriam ankatuluka kuchipatala cha Likuni ndi mwana wake woyamba, apongozi ake aamuna, a Harry Msowoya, anafika ku Chinsapo atavala jekete, n'kupeza bambo ake a Mirriam, a Malizani, atagona chagada pabedi m'chipinda cha Mirriam akuyang'ana kudenga. Ine ndinkachita lendi papuloti pomwepo, ndipo ndinali pakhomo la chipindacho ndikusita matewera, ndiye zonse ndinazimva.

A Msowoya anali ndi nkhawa yawo. Malowolo anapereka onse monga amachitira kwawo ku Rumphi, ngakhale a Malizani, anthu a ku Mitundu, sanawapemphe. Koma mwana wawo Bright ankakhalabe papuloti pa apongozi. Chaka chimenecho, 1996, a Msowoya anali atapuma ntchito ya umesenjala, ndipo kutha kwa mwezi umenewo ankayenera kubwerera kumudzi ku Rumphi. Ankaopa kuti mdzukulu akula osawadziwa, n'kusanduka wa ku Mitundu yense.

"Asebele, mwadwala?" anafunsa a Msowoya.

"Ayi, asewere. Ndikuyesa."

"Mukuyesa chiyani?"

"Kukhala mwana."

Pamwamba pa bedi pankalendewera ndodo yansungwi, yomangidwa pakati ndi ulusi wochokera ku mtanda wa denga. Ku ndodoyo kunali mbalame zansalu, zitatu uku, zitatu uko. A Malizani ankalondera pasukulu, ndipo akaweruka ankasoka mbalamezi ndi zidutswa zotola kwa atelala, m'kati n'kuikamo thonje la pilo wakale. Anali nazo katoni yathunthu. Anafotokoza kuti amagona pabedipo kuti aone zimene mwana aziona. A Msowoya anati munthu wa imvi sagona dzuwa lili pamutu, kenako anavala magalasi n'kuzungulira bedi.

"Ife ndi ati pamenepa?"

"Inu muli apa, asewere, mwaima."

"Ndikunena pa mbalamezi. Mbali ziwiri, mabanja awiri. A Msowoya ndi ati?"

"Ndi mbalame chabe. Iyi inali siketi."

"Yayi. Palibe chinthu chopachikidwa pamutu pa mdzukulu wanga chimene chili chabe."

A Malizani anaganiza pang'ono, n'kunena kuti ngati ndi anthu, chabwino, ndi anthu. Anagwirizana kuti mbali ya kuwindo ndi a Msowoya, akazi awo a NyaChirwa, ndi Bright. Mbali ya kukhomo ndi a Malizani, amayi a Mirriam, ndi Mirriam. Nkhani ikanathera pomwepo. Koma a Msowoya anati mtundu wawo ndi waukulu, sungafanane ndi anthu atatu a ku Mitundu. Analamula kuti awonjezere mng'ono wawo Leston, ana awo Vitu ndi Beatrice, komanso malemu bambo awo. A Malizani anakwera pampando n'kumanga zonsezo. Atachotsa dzanja, mbali ya kuwindo inatsika mpaka kutsala pang'ono kugunda pilo.

"Bwanji tatsika?"

"Mwachuluka."

"Ochuluka ndiye akhale pamwamba."

"Ndodo sikudziwa zimenezo."

"Malemu bambo anga muwachotse pa mulingo. Munthu womwalira salemera."

"Awa akulemera. Ndi a jinzi."

A Malizani anati njira ilipo. Atasuntha ulusi wapakati kupita nawo kumbali ya a Msowoya, ndodo ikhoza kuongoka. Anawaonetsa ndi chala. A Msowoya anayang'ana, n'kuona kuti mbali yawo ifupika.

"Ndiye ife tipanikizane ngati muminibasi ya ku Area 25, inu anthu atatu muli ndi puloti yonseyi? Ulusi ukhale pakati."

"Basi zatsala njira ziwiri. Tiwonjezere a ku Mitundu, kapena tichotse a ku Rumphi."

"A ku Mitundu akwana."

A Malizani anatenga sizasi. "Ndiyambe ndani?"

A Msowoya anakhala pampando wina, n'kuvula magalasi. Anati Leston achoke, pakuti ngakhale ku ukwati sanabwere. Sizasi inalira, Leston anagwera pabulangete. Vitu nayenso achoke, ali ku Joni, samva. Malemu bambo anawapepesa kaye m'Chitumbuka asanawadule. Atafika pa Beatrice sanavutike n'komwe.

"Ameneyo anakwatiwa. Anamulowola a Kumwenda. Mkazi akalowoledwa ndi wa kuchimuna, salinso wathu."

"Oho," anatero a Malizani. Anadula Beatrice. Kenako anamasula mbalame imodzi ya mbali ya kukhomo n'kukaimanga kuwindo. Ndodo inapendekekanso.

"Mukutani?"

"Ndikusamutsa Mirriam. Munamulowola."

"Enya, ndinamulowola, koma..."

"Ndiye ndi wanu. Wakutsitsani ndi iyeyu, nsalu yake ndi yochindikala."

A Msowoya anadzuka pampando. Anayang'ana ine, ine ndinayang'ana tewera.

"Mubwezereni kwawo."

A Malizani anatsika pampando pang'onopang'ono, nkhope itagwa. "Mukumubweza? Lero, akuchokera kuchikuta?"

"Kwa kanthawi chabe."

"Walakwa chiyani mwana wanga? Ngati ndi nkhani yochulutsa mchere m'ndiwo ija, anapepesa. Ndiponso malowolo sindingabweze, asewere. Ndinagula malata. Ndi awa ali pamutu panuwa."

"Mbalame, asebele. Ndikunena mbalame."

"Ine ndinati ndi mbalame, inu munati ndi anthu."

"Ndi anthu, koma ndi mbalame."

"Iii. Muzindiuza nthawi imene zasintha."

Mirriam anabwerera kwawo, ndipo ndodo inaongoka monga inalili poyamba, zitatu uku, zitatu uko. Ine ndinaganiza kuti zatha. A Msowoya anati zikungoyamba kumene. Sanakwere maminibasi awiri kuchokera ku Area 25 kuti adzafanane ndi munthu. Mbali yawo iyenera kukwera, aliyense wolowa m'chipindamo aone yekha kuti mwanayu ndi wa kwa ndani.

Anatuluka panja, n'kubwera ndi timiyala m'thumba la jekete. Anauza a Malizani kuti atumbule mbalame za a ku Mitundu n'kusokeramo.

"Muyambe ndi amayi a Mirriam."

"Adya kale thonje lambiri."

"Awonjezereni."

A Malizani anasoka, akuluma lilime. Anati asoka kawiri kuti mwala usagwere mwana. Atamaliza anainyamula mbalameyo m'dzanja, n'kupukusa mutu.

"Akaona adandaula. Chiyambire Khirisimasi akuti madiresi sakuwakwana."

"Inunso mulandire tiwiri."

"Ine sindidya kwambiri."

"Landirani, asebele. Ndi mphatso yochokera ku Rumphi."

"Zikomo," anatero a Malizani, n'kudzisokera timiyala tiwiri.

Mbali ya kukhomo inatsika, ya kuwindo inakwera. A Msowoya anamwetulira koyamba tsiku limenelo. Koma kamphepo kanalowa pawindo, ndodo inatembenuka, a Msowoya n'kupezeka ali kukhomo, a ku Mitundu ali kuwindo. Anati zimenezo ayi, mbali yawo iziloza kumpoto nthawi zonse. A Malizani anati chinthucho ntchito yake ndi kuzungulira, chikapanda kuzungulira mwana sachiyang'ana. A Msowoya anatseka windo n'kutsekera mpata ndi tewera limene ndinali nditangosita.

M'chipindamo munayamba kutentha. A Msowoya thukuta linali kamukamu, koma jekete sanavule. Anabwerera m'mbuyo, n'kuyang'ana ndodo ndi diso limodzi.

"Tikhoza kukwerabe."

"Miyala yatha malo. Mirriam ndikamuwonjezera aphulika."

"Chotsani Bright."

"Bambo wa mwana?"

"Amakhala nyumba yomweyi. Mwana azimuona tsiku ndi tsiku."

Bright anagwera pabulangete. Panatsala mbalame ziwiri. A Msowoya anaziyang'ana nthawi yaitali, kenako anasuzumira pakhomo ngati wina akubwera, n'kutsitsa mawu.

"A NyaChirwa apume kaye."

"Akazi anu?"

"Miyendo imawavuta. Kulendewera tsiku lonse sangathe."

"Akabwera kudzaona mwana ndiwauze kuti ali kuti?"

"Musawauze kanthu."

"Akafunsa?"

"Munene kuti ndi mbalame chabe."

A NyaChirwa anawaika mukatoni mwaulemu, pamwamba pa ena onse. A Msowoya anatsala okha kumapeto kwa ndodo, mbalame yabuluu yochokera ku yunifolomu ya sukulu. Komabe anati mimba yakula, akhoza kupepuka. A Malizani anaitumbula n'kuyamba kusolola thonje, uku akufunsa ngati zikupweteka. A Msowoya ankangoti chotsani, chotsani, mpaka mbalameyo inatsala kansanza kokhala ndi mlomo. Ataimanganso ndi ulusi waufupi, ndodo inaima pafupifupi chilili. Kansanzako kanakafika kuseri kwa mtanda, pafupi ndi malata, pomwe pali utatavu wa kangaude.

"Eya," anatero a Msowoya, manja m'chiuno. "Tsopano aliyense ali pamalo pake."

A Malizani anatsika pampando. Anasesa Leston, Vitu, Beatrice, Bright ndi malemu pabulangete, n'kugonanso chagada, manja atapinda pachifuwa ngati khanda.

"Mwayambanso."

"Ndikuyesa."

"Chabwino, nenani. Mukuona chiyani?"

"Ndikuona amayi a Mirriam, ali pamphuno pangapa. Ndikuona Mirriam. Ndikudzionanso ine." Anatambasula dzanja pang'ono, n'kukhudza mbalame yawo, inagwedezeka. "Akadzayamba kugwira zinthu, adzayamba ine."

"Nanga ine?"

"Inu muli apo, mwaima."

"Mbalame, asebele."

A Malizani anatsinzina diso limodzi, n'kupendeka mutu uku ndi uku.

"Simukuoneka."

"Yang'anitsitsani. Pamwamba penipeni."

"Kuli mdima. Pali kanthu ngati sokosi yoiwalika. Mwina ndi inu, mwina ndi chisa cha mavu."

"Mwana maso ake ndi akuthwa."

"Anesi anatiuza kuti khanda limaona zapafupi zokha. Koma musadandaule. Alendo oimirira azikuonani bwinobwino."

A Msowoya anavalanso magalasi. Kenako anati a Malizani asunthe. Anagona chagada pambali pawo, jekete, tayi ndi nsapato zili m'thupi, mapazi akulendewera kumapeto kwa bedi. Akuluakulu awiri aja anagona pamenepo mapewa atagundana, akuyang'ana kudenga. Amayi a Mirriam ndi mwala wawo ankazungulira pang'onopang'ono pamwamba pa magalasi a a Msowoya.

"Ndiye akadzuka m'mawa aziona anthu a ku Mitundu."

"Eya."

"Akamagona, a ku Mitundu."

"Ndi masana omwe."

"Ine ndili ku Rumphi."

"Ndi kumalata."

Nthawi yomweyo kumsewu kunalira hutala. Inali pikapu imene Bright anabwereka kwa mnzake. Amayi apapuloti anayamba nthungululu, ndipo ine ndinaika ayironi pansi. A Msowoya anadzuka msanga kuposa mmene ndinawaonerapo, n'kukwera okha pampando. Anagwira ndodo, anaikokera pansi, n'kumasula kansanza kabuluu kaja.

"Ndibwezereni thonje langa."

"Lonse?"

"Lonse. Ndi la Leston lomwe. Ndi miyala."

"Miyala munapatsa ife."

A Msowoya anapisa m'matumba. Munali tikiti ya minibasi ndi kampango. Panja zitseko za pikapu zinali kutsekedwa, ndipo kamwana kanalira kamodzi. Anayang'ana pamkono pawo. Panali wotchi yachitsulo yolemera imene anzawo akuntchito anawapatsa powatsanzika. Anaivula.

"Sokerani iyi."

"Ikuyenda."

"Iziyenda. Azindimva."

"Nanga basi ya ku Rumphi mudzaidziwa bwanji nthawi?"

"Ndidzafunsa anthu. Sokani, asebele, kawiri ngati paja. Ulusi ukhale wautali."

A Malizani anasoka mofulumira, anamanga, n'kuchotsa dzanja. Ndodo inagwedezeka, inatembenuka, a ku Mitundu onse atatu anakwera m'mwamba ndi miyala yawo. Mbalame yabuluu, mimba ili tuu, inatsika mpaka kudzaima pamwamba pa pilo, ikulira kuti thi, thi, thi. Mirriam anali atafika kale pabalaza, tikumva akuvula nsapato.

A Malizani anayang'ana mbalameyo, n'kukanda m'mutu.

"Koma asewere, ndikuuzeni zisanavute. Apa ndiye muli pansi pa anthu onse a ku Mitundu."

A Msowoya anakonza tayi, n'kupukuta thukuta.

"Nanga ine ndakhala ndikunena chiyani chifikire? Munthu wamkulu malo ake ndi pansi."