Mwana Amene Amayi Sanamuwerenge

Olemekezeka a Nduna, olemekezeka akuluakulu a maofesi a ziwerengero ochokera m'mayiko asanu ndi awiri a chigawo chathu, abwenzi athu akunja amene mwatithandiza kumanga nyumbayi, mkulu wa sukulu ndi aphunzitsi anu, ophunzira athu oyamba, amayi ndi abambo, ndakupatsani moni nonse.

Ndithokoze amisiri amene anamanga, ndithokoze amayi amene akolopa kuyambira m'mawa mpaka pansi pakuwala chonchi, ndithokozenso mlembi amene anandikonzera mawu okoma a masamba anayi. Mawuwo ali m'chikwama. Mukaitana nkhalamba, mwaitananso pakamwa pake.

Zaka makumi anayi zapitazo ndinali mtsikana wa kalembera, woyenda khomo ndi khomo, fomu m'manja, pensulo kukhutu. Mafunso ake anatilembera akatswiri obwera pa ndege, amene anakhala kuhotelo masabata awiri n'kubwerera kwawo. Mwa nyumba zimene anandigawira munali ya amayi anga. Ndinakhala pa mpando, n'kuwerenga funso monga analilembera.

"Amayi, munabereka ana angati?"

"Asanu. Ukufunsa ngati sukuwadziwa bwanji?"

"Nanga uja wa pakati pa ine ndi achimwene, anakhala masiku atatu uja?"

Amayi anayang'ana kukhoma. "Iwe, boma lakutuma kudzandiliza? Lemba asanu."

Ndinalemba asanu, pakuti lamulo linali lakuti tilembe zimene tauzidwa, tisachedwe, nyumba makumi awiri pa tsiku. Anzanga onse anachita chimodzimodzi, chifukwa mayi satchula mwana amene anamuika m'manda kwa munthu wothamanga, woyang'ana wotchi. Chaka chotsatira lipoti linatuluka lonena kuti kwathu makanda samwalira kawirikawiri, ndipo tinaomberedwa m'manja m'misonkhano. Manyazi a tsiku limenelo sananditherebe.

Ophunzira inu, makompyuta amene ali m'chipinda chapamwambacho ndi abwino, aphunzireni mpaka muwapose. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Mudzaphunzira kuno kukhala pansi, kufunsa za moyo kaye, kudikira mayi apukute misozi, kenako n'kulemba. Zimenezo palibe angatiphunzitse kuchokera kutali, tiphunzitsana tokha, wa dziko ili ndi wa dziko ilo, pakuti amayi athu amalira mofanana.

Tsopano a Nduna, mundikhululukire, ndinena pamaso panu zimene ndinanena kale muofesi mwanu. Pa tebulo langa, monga wapampando wa bungwe loona za ziwerengero, pali lipoti lodikira siginecha yanga pofika Lachisanu. Likuti kuseri kwa njanji, kumene nyumba zake n'zothithikana mpaka maliro amadutsa chammbali, imfa za makanda zatsika kwambiri, choncho chipinda cha amayi oyembekezera cha pachipatala chaching'ono cha kumeneko chitsekedwe mwezi uno ukatha. Ndinafunsa amene anandibweretsera lipotilo kuti, olilemba analowa m'nyumba zingati? Anandiyankha kuti sanalowe ngakhale imodzi, nambalayo anaiyerekezera pa kompyuta, kutsidya kwa nyanja, potengera mayiko ena ofanana nafe. Ofanana nafe! Kodi munthu amamwa mankhwala poyeza magazi a mnansi wake?

Kumbuyo uko, pafupi ndi chitseko, kwakhala namwino wa chipinda chimenecho. Sali pa mndandanda wa oitanidwa, ndamuitana ndine. Imani mayi, akuoneni. Sabata yatha anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Amayi, mabedi ndili nawo asanu ndi limodzi, azimayi ena amachirira pansi. Mukatseka, apita kuti? Chipatala chachikulu chili kutali, ndipo mvula ikagwa galimoto sililowa kwathu." Ndinapsa mtima ndi lipotilo.

Abwenzi athu akunja, musagwetse nkhope. Simunatinamize, munadzaza pamene ife tinasiya mphako. Mlandu ndi wathu, amene tinazolowera kulandira nambala za ana athu ngati katundu wa pa doko. Nyumba inoyi tamangira kuti chizolowezi chimenecho chithe.

Choncho mkulu wa sukulu, ndikupempha kuti phunziro loyamba lisachitikire m'kalasi. Lolemba m'mawa ophunzira onsewa awoloke njanji, namwino awatsogolere, alowe khomo lililonse, akhale pansi, afunse modekha. Akabwera ndi nambala yonena kuti makanda akumeneko ali bwino, ndidzasaina pamaso pa atolankhani, ndidzapepesanso. Koma Lachisanu lino sindisaina. A Nduna, mpando munandipatsa ndinu, mukhoza kuutenga madzulo ano. Ine ndinalembapo kale asanu pamene panali asanu ndi mmodzi, sindidzabwerezanso.

Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti sukulu ya ziwerengero ya chigawo chathu yatsegulidwa, ndipo ntchito yake iyamba Lolemba, kuseri kwa njanji.

Zikomo kwambiri.