Ndinasambitsa Mtembo wa Amayi Kumsasa

Moni nonse m'dzina la Ambuye, abale ndi alongo. Ndine Amake Tereza wa kuno ku Tembwe, uja mumati ndimavuta pamaliro. Lero mumve chifukwa chake.

Sindinabadwire kuno. Tinathawa nkhondo ku Mozambiki, ine, amayi ndi mwana wanga Tereza, wa zaka zinayi. Anatiika mumsasa wa othawa nkhondo. Matenti othithikana, chitsime chimodzi, zimbudzi zodzaza. Mvula itagwa, kolera inalowa.

Amayi anayamba kutsegula m'mimba m'mawa. Dzuwa lisanalowe, anatisiya. Basisita a kuchipatala cha msasa anabwera nati, "Amayi, mtembo musaukhudze. Tiukulunga m'pulasitiki, tikaika ndife."

Pakamwa panga mukupadziwa. Ndinati, "Mayi wondibereka apite osasamba, m'thumba ngati chimanga? Mukachite kwanu zimenezo." Atapita kukatenga thumbalo, ndinatseka tenti. Ndinawasambitsa, ndinawadzoza mafuta, ndinawaveka chitenje chawo cha kutchalitchi. Ndinkati ndikuchita ulemu.

Tereza ankalira njala panja. Ndinangopukuta manja pachitenje, n'kumusendera mango, n'kumudyetsa. Ndi zala izi, abale. Zala zomwezi.

Patapita masiku awiri, mwana anayamba kutsegula m'mimba. Ndinamubereka, kuthamangira kwa basisita omwe aja ndinawanyoza. Sanandikalipire. Anafunafuna mtsempha pakamkono kake kuti amuike diripi, osaupeza. Madzulo Tereza anamwalira. Ine ndinadwalanso, koma ine ndinachira.

Ndinakwatiwa kuno, ndinabereka ena, koma zaka zambiri m'tchalitchi sindinkapondamo. Ndinkati Mulungu anatenga wosalakwa, n'kusiya wolakwa.

Chaka chija kolera inafika kuno kuchigwa, mwamuna wa mnansi wanga anamwalira nayo. Ndinaona anthu atanyamula beseni la madzi osambitsira mtembo, akulowa nalo m'nyumba. Ndinakaima pakhomo. Anati, "Iwe wobwera, mwambo wathu ukuudziwa?" Ndinagwada pomwepo, ndinawauza zonse zimene ndinabisa zaka zonsezi. Beseni analitula. M'nyumba imeneyo simunafenso munthu.

Sabata yomweyo ndinabwerera kutchalitchi. Manje maliro alionse ndimafika ndi chigubu cha madzi a kolorini, ndimasambitsa anthu m'manja asanadye. Ndinyozeni, ndazolowera.

Ndikuthokoza Ambuye, anandikhululukira, ndikukhulupirira. Koma kuwawa sikunathe, sindingakunamizeni. Tereza anakamuika basisita aja, ine ndili chigonere pamphasa. Mpaka lero manda a mwana wanga sindiwadziwa.