Nandolo wa Mayi Eneles Wachita Maluwa

Malemu mayi Eneles Pilato anabadwa pa 9 Juni 1968 kuno kwathu kwa Nkando. Ine Lenard amene ndikuwerenga mbiriyi ndine mlongo wawo, ndipo mundikhululukire mawu akamandithawa.

Sukulu anayambira ku Mulanje Mission mu 1975, nadzamaliza maphunziro a zaulimi mu 1991. Mu 1995 anakwatiwa ndi bambo Chester, ali apawa.

Mu 1998 anayamba ntchito yofufuza za mbewu. Nandolo wathu wamakolo mukumudziwa: mudzale msanga, mumulimire bwanji, sachita maluwa mpaka masiku atafupika cha mu Meyi. Malemu ankatiuza kuti khalidweli lili m'chibadwa cha mbewuyo, limachoka kwa kholo kupita kwa mwana. Chinkawapweteka n'chakuti ana amagona ndi njala mu Malichi nandolo ali masamba okhaokha.

Mu 2006 anapeza tsinde limodzi lochita maluwa masiku akadali aatali. Analimangirira kansanza kofiira, nayamba kukwatitsa maluwa ake ndi a nandolo wathu, duwa limodzilimodzi. Ife tinkawaseka kuti asanduka ankhoswe a nandolo. Chaka ndi chaka mbewu ina inkafulumira, ina n'kubwerera ku khalidwe lakale, iwo n'kusankhanso. Atapuma ntchito mu 2016 anapitiriza pamunda wawo, akufunitsitsa kudzaona munda wonse utachita maluwa pamodzi mu Febuluwale.

Mu Novembala chaka chatha anadzala akudwala kale impso. Mu Januwale anagonekedwa m'chipatala. Aliyense wokawazonda ankamufunsa za kumunda, osati za ana. Ife tinkayankha zoona, kuti mundawo sunayambe kuchita maluwa. Anatisiya Lachiwiri pa 12 Febuluwale 2019.

Lero m'mawa adzukulu popita kukakumba manda adutsa pamundapo. Munda wonse wachita maluwa, mizere yonse chikasu chokhachokha. Mtima ukundiwawa, abale. Achemwali anga anangotsala pang'ono kuuona.

Asiya amuna awo, ana atatu, Jessica, Kondi ndi Yakobo, komanso zidzukulu ziwiri. Tikuthokoza anamwino, amvano, adzukulu ndi nonse mwagona nafe pano.

Njira ya kumanda idutsa m'mphepete mwa munda uja. Chonde musathyole duwa ngakhale limodzi loti muike pabokosi, ndi mbewu imeneyo. Onyamula maliro tawapempha kuti akafika pamenepo aime pang'ono, mwini munda aone.

Mzimu wawo uuse mumtendere.